Yesu Wogwira Tsaya

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la mlombwa wongosemedwa kumene, losakanikirana ndi utsi wa fodya wawo wopichira, ndiponso kugogoda kwa kasemasema kuseri kwa nkhokwe kwathu ku Kasinje, komveka kangapo n'kuima kuti akhosomole kaye. Chifuwacho anachitenga ku migodi ya ku Joni. Kumeneko wansembe wina anawapatsanso kachosema kakalekale: Yesu atakhala pamwala, chisoti chaminga kumutu, dzanja lili patsaya.

Tchalitchi chathu chitamangidwa, agogo anadzipereka kusema chosema cha paguwa. Ankangofuna chimodzi: asanamwalire, aone ntchito ya manja awo m'nyumba ya Mulungu. Anasema chilimwe chonse, ine ndikutola zibenthu zokolezera moto. Anatengera kachosema kaja, koma mapewa anawagwetsa ngati a munthu wochokera kokumba mbatatesi, ndipo kuzidendene anaikako ming'alu yofanana ndi yawo.

Tinachinyamula pangolo kupita nacho kutchalitchi. A katekisiti anachizungulira kawiri, akukanda m'mutu.

"Madala, luso lilipo," anatero. "Koma kugwira tsaya paguwa? Si paja mwana akatero timam'chotsa dzanja kuti asaitane maliro? Akhristu adzathawa."

"Nanga iyeyu sanatopepo?" anafunsa agogo.

"Anatopa, koma osati pamaso pa anthu."

Tinabwerera nacho. Njira yonse ine ndinakwiya m'malo mwa agogo. Anachiika pakhonde, namakhala pambali pake kuwothera dzuwa, nkhalamba ziwiri zotopa. Agogo aakazi akamadutsa ankati, "Mwapeza mnzanu waulesi." Kasemasema sanamvekenso. Chiswe chinayambira kumapazi kwa chosemacho, ndipo pomwe agogo aamuna ankamwalira, chinangotisiyira mutu ndi dzanja.

Lero ndine wosema. Ndimasema amayi a pamsika wa Lizulu katundu atawatsalira, ndi abambo obwera ku Joni chimanjamanja, onse atakhala pansi, dzanja patsaya. Ogula a ku Lilongwe amati ndi luso lamakono. Ndinatopa kuwalongosolera, ndimangogwedeza mutu. Palibe chosema changa chomwe chinalowapo m'tchalitchi.

Mutu ndi dzanja zija zili pawindo kwanga. Dzana mwana wanga wamkazi, atabwera kusukulu, anakhala pakhomo n'kugwira tsaya. Ndinatambasula mkono kuti ndim'chotse dzanjalo, monga ankandichitira amayi. Kenako ndinaubweza, n'kukhala pansi pambali pake.