Maola sikisi a Rakele

Rakele wa ku Malomo ndimamudziwa kuyambira tili atsikana, ndipo sanakhalepo munthu waphokoso. Sukulu analekezera sitandade 1. Anakwatiwa ndi a Andireya, mlimi wa fodya amene akaona munthu wakhala pansi mutu umawawawa. Kwa zaka makumi awiri moyo wake unali kumunda, kuchigafa ndi kuphiri, kumene ankakwera katatu pa sabata kukatola nkhuni.

Kenaka bungwe lina linabweretsa mbaula zadothi zosatha nkhuni, ndipo mtolo umodzi unayamba kukwana sabata yonse. Rakele sanawauze amuna ake. Lachiwiri ndi Lachinayi ankatengabe chingwe ndi nkhata ngati wa kuphiri, koma n'kukhotera kutchalitchi, kusukulu ya kwacha. Ine ndinkamugawira tinkhuni tobwerera nato kunyumba, ndipo sindikupepesa.

Chaka chatha abungwe anatuma mtsikana, Lonjezo, kudzayeza phindu la mbaulazo. Anapachika nkhuni pasikelo masiku atatu, nafunsa za utsi ndi chifuwa cha ana. Tsiku lomaliza anawerenga zotsatira pakhonde, ine ndili pomwepo, a Andireya ali pambali akusoka fodya.

"Mayi, mbaulayi ikukupulumutsirani maola sikisi pa sabata!" anatero mwana wa eni, akumwetulira, osadziwa kuti waulula chinsinsi.

A Andireya anasiya kusoka. "Maola sikisi? Ali kuti, mayi a Chiko? Fodya akuwonongeka, ine ndikufa ndekha ndi ntchito."

Ndinachita mantha, sindinama. Sukulu ija ndinaona kuti yathera pomwepo. Lonjezo anazindikira, nayamba kubweza mawu. "Kapena ndalakwitsa kuwerengera..."

"Simunalakwitse, mwanangu, alipodi sikisi," anatero Rakele. Kenaka anatembenukira kwa amuna ake. "Bambo a Chiko, phiri lija ndinkakwera ndi miyendo yanga, nkhuni ndinkasenza pamutu panga. Maolawo achoka pamsana panga, si pafodya wanu. Masiku enawa mundipeza kuchigafa. Lachiwiri ndi Lachinayi ndimapita kusukulu, ndipo sindisiya."

"Mukapitanso, musabwerere pakhomo pano!"

"Ndipite kuti? Pano mpakwathu."

Mkwiyo unawaiwalitsa bambowo kuti ndi mkamwini, kuti nyumba, munda ndi chigafa chomwe zili pamalo a amayi ake a Rakele. Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Lonjezo anatulutsa inki yoti Rakele adinde chala pafomu. Rakele anaikankhira kumbali.

"Ndibwerekeni cholembera."

Anatsamiritsa pepala pabondo, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade 1. Zinamutengera nthawi, chilembo choyamba chinapendekeka, koma palibe amene anamugwira dzanja. A Andireya anayang'anitsitsa dzina la mkazi wawo mpaka chilembo chomaliza.

Lachinayi lotsatira Rakele anadutsa pachigafa kope lili m'manja, osabisa, natsazika amuna ake mokweza kuti aliyense amve.