Khonde Lofiira la M'tauni

Anandiuza ndi bambo a kunyumba, pobwera ku ntchito yawo yomanga. "Eish, mayi, nyumba yakale ija munakulira m'tauni aigwetsa." Ndinangoti zikomo Ambuye, inatisunga. Misozi sinabwere. M'mawa mwake ndikupaka polishi pakhonde la abwana anga kudera la Montana, fungo lake linandibweza kumeneko.

Ndinali wamng'ono, sukulu ndisanayambe. Amayi ankagwira ntchito m'nyumbamo, tikugona m'kachipinda ka kuseri. Adona sankalola ana. Akanandiona, ntchito ndi pogona zikanathera pomwepo, choncho masana ndinkabindikira.

Tsiku lina mdima unanditopetsa, ndinatuluka. Ndinapeza amayi atagwada pakhonde lofiira, akupukuta. Simenti inkazizira kumapazi. Chitseko chinatseguka, adona n'kutulukira.

"Mwana uyu ndi wa ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

Inu owerenga, mukamapemphera muziwakumbukira amayi anga ndi banja lathu.

Amayi sanadzutse mutu. "Si wanga, dona. Wasochera." Kenako anandiuza m'Chichewa, chapansipansi, nsanza ikuyendabe: "Tuluka pageti, mwana wanga. Usacheuke."

Ndinatuluka, n'kuima m'mbali mwa msewu, mapazi ali ofiira, magalimoto akungodutsa.