Kadontho Kofiira pa Nsapato za Adokotala

Anzake amamutchula Chete, chifukwa chiyambire sukulu ya unamwino sanamvekepo akukweza mawu. Ndi mayi wa ana awiri, ndipo amakhala ndi apongozi ake aakazi. Mtima wake wonse unali pa kukagwira ntchito kuwodi ya ana, koma kumeneko salowetsa munthu asanakhoze mayeso a m'chipinda cha zidole.

M'chipindamo muli kabedi, ndi chidole cha khanda chomwe chimapuma ndi kulira ngati mwana weniweni. Wophunzira amavala magalasi okhala ndi timakamera. Akamaliza, aphunzitsi amamuonetsa kanema, ndipo kadontho kofiira kamayenda paliponse pamene maso ake anagwera.

Tsiku la mayeso, zonse zinkayenda bwino mpaka adokotala atalowa. Chidole chinayamba kubanika, makina n'kumalira, Chete osadziwa chavuta.

"Khalani apa, mayi, tionere limodzi," anatero aphunzitsi pambuyo pake, adokotala aja ndi ophunzira anzake ali pomwepo.

Poyamba kadontho kanali pachifuwa cha khanda. Adokotala atangotulukira, kanatsetsereka n'kukakhazikika pa nsapato zawo, osasunthanso. Chapamwamba pa kanemayo, dzanja lawo linkaloza kapaipi ka mpweya kamene kanali katazuka.

"Nsapato zanga mwazikonda, eti?" anafunsa adokotala. "Ndikubwerekeni?"

Anzake anafa nazo nseko. Chete ananong'ona kuti anakula osayang'ana wamkulu kumaso.

"Ulemuwo ndi wabwino," anatero aphunzitsi, "koma muno maso anu ndi a mwanayu. Mubwerenso sabata yamawa."

Kunyumba anayamba kuyeserera pa apongozi ake. Powapatsa tiyi, anawayang'ana gwa.

"Iwe, wandiona chiyani? Ndamera nyanga?"

Atawafotokozera, apongoziwo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ndiyang'anitsitse, mwanawe, nkhope ndi yomweyi. Ukalephera adzanena kuti ndine."

Sabata yonse ankamuitana dala, n'kumaloza chinthu ndi chala osayankhula, kuti aone ngati achipeza.

Chete atabwereza mayeso, kadontho kanatsikabe. Kanafika pa mawondo a adokotala, kanazengereza pang'ono, kenako kanakwera kudzanja, kumaso, n'kubwerera pachifuwa cha khanda. Aphunzitsi anangogwedeza mutu, akumwetulira.

Lero Chete ali kuwodi ya ana. Mukakumana naye pakhonde adzakupatsani moni akuyang'ana pansi, monga kale. Koma pambali pa bedi la mwana, ngakhale alowe mkulu wa chipatala, amamuyang'ana kumaso n'kufunsa kuti, "Mwati chiyani, adokotala?"