Nsomba za Mfumukazi ya Pansi pa Madzi

"Mungogwada chabe, ba Towela," anatero Luckson. "Abusa akuikeni manja, mugweko pang'ono, anthu aone kuti chiwanda chatuluka. Mawa nsomba zanu ziyambanso kuyenda."

"Chiwanda chiti? Chija unapeka iwe?"

Towela amapikula nsomba kudoko la Chanyanya pa mtsinje wa Kafue n'kumagulitsa kumsika wa ku Estates. Luckson ndiye amapeka masewero a achinyamata kutchalitchi kwawo, nkhani za Msilikali wa lupanga lamoto ndi Mfumukazi ya pansi pa madzi. Atsikana onse anakana kukhala Mfumukazi, Towela yekha anavomera. Ankaisewera mpaka ana kubisala m'zitenje za amayi awo. Kenaka mphekesera inabuka: ati nsomba zake sagula kwa asodzi, amachita kuziitana. Amayi oimba nawo kwaya anayamba kulambalala tebulo lake, n'kumabwera ntchentche zokha.

Chomwe chinkamuwawa kwambiri n'chakuti Bright, wosewera Msilikali, anthu ankamupatsa moni ngati mngelo. M'seweromo akangomenyedwa kamodzi, angelo amathamanga kudzamudzutsa. Mfumukazi amaiotcha, kuimanga, kuiponya kuphompho, koma chaka chinacho imabweranso yokha, popanda woigwira dzanja.

"Iwe Luckson, pa awiriwa wolimba mtima ni ndani? Msilikali wako akapunthwa chala, kumwamba konse kutsika. Ine nimafa Pasaka iliyonse, nauka, nasesa na mutchalitchi!"

"Ba sisita, mawu amenewo anthu akamva..."

"Amve! Nigubuduke m'fumbi, nivomere kuti ninali mfiti? Ndiye amene akhala akudya nsomba zanga azati anadya chani? Pa Sande ukaime kutsogolo, ukawauze kuti Mfumukazi inachoka m'mutu mwako, osati mu Kafue."

Luckson anayang'ana pansi. "Siningakwanitse. Ninawauza kale kuti nkhani ija ninaiona m'masomphenya."

Towela anamuyang'anitsitsa mpaka mnyamatayo anachoka osatsanzika. Towela anabweza nsomba m'beseni. Zina zinali zitayamba kale kufewa mimba. Kugwada sagwada, anatero mumtima, ndipo kutaya nsomba sataya. Azing'amba, aziyanika padenga, akazigulitsa zouma ku Lusaka, kumene wogula amafunsa mtengo basi.

Panjira anaima pa kantemba, nagula kapaketi ka mchere, n'kukaika pamwamba pa beseni, ulendo wa kunyumba.