Kambale ka Madzi Kamene Amama Anataya

Ndikukumbukira chilimwe cha chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ife tikukhala pa mishoni ku Nkhamanga. Chitopa chinasesa mudzi wonse. M'mawa uliwonse timapeza nkhuku ina itapinda khosi pansi pa mtengo wa mango. Yomaliza kufa inali yanga, thadzi lofiira limene amalume anandipatsa. Linasiya mazira m'chisa, ndipo panalibenso nkhuku yoti iwafungatire. Ndinalira mpaka maso kutupa.

Adada anali aphunzitsi, munthu wosadziwa kugonja. Anati mazirawo tiwafungatira tokha. Anatenga bokosi la matabwa, naboola timabowo ta mpweya m'mbali, nayala waya wa sefa pogonekapo mazira. Pakona anaika nyali ya parafini, atatchinga ndi kachidutswa ka lata. Bokosilo linakhala kuchipinda chamkati, kutali ndi zenera, kuti mphepo yotsika ku Nyika isalipeze. Ntchito yanga inali kutembenuza mazira, kuwerenga kagalasi koyezera kutentha kamene tinabwereka kwa amama, kutsitsa lawi dzuwa likakwera ndi kulikweza kukazizira. Yunifolomu yanga inkanunkha parafini, anzanga n'kumandiseka kuti ndasanduka thadzi.

Pansi pa waya uja panali kambale ka madzi. Adada amathiramo okha, ndipo chifukwa chake sanatiuze. Aphunzitsi ndi choncho: ana a eni amawafotokozera mpaka mawu kusasa, kunyumba amangolamula.

Amama anali azamba pa chipatala cha mishoni, ndipo mdani wawo wamkulu anali udzudzu. Chitini chilichonse pabwalo amachivundikira. Ku sikelo amalalikira kuti madzi ongokhala ndiwo amabereka malungo. Tsono mazira atatsala pang'ono kuswa, adada anaitanidwa ku boma kukaphunzitsa aphunzitsi atsopano. Tsiku lotsatira amama akusesa anasuzumira m'bokosi muja. "Ha! Adada ako akuweta udzudzu m'nyumba mwanga?" Anataya madziwo, napukuta kambale, nakaika mu kabati. Ine ndinaona ngati achita bwino chomene.

Loweruka m'mawa ndinamva kulira kwa anapiye mkati mwa mazira. Ndinavina! Timilomo tinali titaboola zigoba, tikutsegula ndi kutseka. Ndinakhala pansi kudikira kuti atuluke. Dzuwa linakwera, lata la nyumba linayamba kuthetheka, koma palibe anatuluka. Nditayang'anitsa, mtima unangoti phwii. Kakhungu kamkati mwa dzira kanali katauma ngati pepala, katamatirira pa anapiye. Amalira, amakankha, osatha kutembenuka. Kenako mawu aja anayamba kuchepa, limodzi limodzi. Sindinkadziwa kuti chinthu chingathe kufa chili pakhomo penipeni pobadwira. 

Adada anafika masana, fumbi lili mbuu kumutu, amama atangoweruka kumene ku chipatala. Anagwada, nalowetsa dzanja pansi pa waya.

"Kambale kali kuti?"

"Ndinataya," amama anayankha molimba mtima. "Madzi ongokhala m'chipinda?"

"A Nyakumwenda," anatero adada motsitsa, "inu ndinu azamba. Mwana m'mimba amakhala pouma?"

Amama anagwira pakamwa. Mayi amene anachiritsa theka la azimayi a ku Nkhamanga anakhala pansi pa simenti ndi yunifolomu yawo yoyera. "Mayo ine," anatero. "Ndawaumitsa ndi manja angawa. Tiwonge mwana wanga, ndakuphera nkhuku."

Sanakhalitse pansipo. Anadzambatuka, nandituma madzi ofunda ndi thonje. Anabweza kambale, naika nsalu yonyowa m'bokosi, natseka chitseko kuti kutentha kusathawe. Mazira amene amapumabe anali atatu. Anatenga limodzi limodzi, akunyowetsa kakhungu kaja ndi thonje, akubenthula chigoba pang'onopang'ono ndi kachitsulo kopanira, akaona kamagazi n'kuleka, kudikira. Amalankhula ndi tianapiyeto ngati ali kuntchito: "Limba, limba, wafika kale." Tiwiri tinafera m'manja mwawo. Kachitatu kanagwera pa nsalu kali nyowee, kanagona ngati kafa, kenako kanadzutsa mutu. Katauma, kanali kofiira ngati mayi wake.

Masiku ano ndili ndi makina ofungatira mazira oyendera sola. Amatembenuza okha mazira, amalemba kutentha ndi chinyezi pa kagalasi, madzi akachepa amalira. Ana anga sadziwa fungo la parafini. Nkhuku zofiira zimene zili pakhomo panga zonse ndi zidzukulu za kamwanapiye kaja.

Amama anakalamba, maso achita mdima, koma udzudzu akadali nawo pa nkhondo. Akabwera kudzacheza amavundikira zitini zanga zonse. Akamaliza amapita pa makina paja, n'kupapasa pansi mpaka chala chikhudze madzi. Akapeza achepa, amathiramo okha.