Mawu a pa Chiliza cha Mkazi Wanga

Mkazi wanga anali Mkatolika. Ine ndine wa Chipresibeteriya, monga bambo anga amene anachoka ku Malawi kudzagwira ukalaliki kumigodi. Lamulungu lililonse tinkatulukira limodzi pakhomo pathu ku Kamitondo mu Kitwe n'kukasiyana pamphambano, ndipo za Mulungu sitinakanganepo. Mkangano unalowa m'nyumba iye atapita, ndipo anaubweretsa ndi munthu amene sanapondepo mu Kitwe.

Munthuyo anali wansembe wa ku Ulaya, katswiri wa maphunziro a zaumulungu, amene anamwalira kale. Mwana wathu wachisamba, yemwe amaphunzitsa ku Ndola, wathera unyamata wake m'mabuku a mzunguyo. Amayendayenda m'misonkhano kukatsutsana ndi anzake pa zimene malemuyo ankatanthauza. Mayi ake akutsirizika m'chipatala, iye anali kumsonkhano wotere.

Itakwana nthawi yomanga chiliza, anabwera ndi mawu achingerezi a m'buku la mzunguyo kuti alembedwe pamwala.

"Atate, palibe amene anafotokoza bwino za imfa kuposa munthu ameneyu."

"Ankawadziwa mayi ako?"

"Nkhani si imeneyo, atate."

"Nanga mayi akowo akanawamva mawuwa? Chingerezi chawo chinkathera pamsika."

Anaseka, n'kundiuza kuti ndiyambe ndawerenga. Ndinawerengadi, magalasi ali pamphuno. Mwina mzunguyo ankamudziwa Mulungu, sindimuweruza. Koma m'masamba onsewo sindinapezemo mayi wogona pansi m'nyumba za maliro, akuyimba mpaka mawu kusasa. Amene mtima wanga umawakana ndi awa odyera pa dzina lake, amene amathamangira manda a mlendo odwala awo ali okha.

Ndinapita ndekha kwa wosema miyala. Chiliza chimakhala chophimbidwa mpaka tsiku lochivundukula, choncho ndinachikuta ndi chitenje chimene mkazi wanga ankavala ku bungwe la amayi a kutchalitchi kwawo. Mwanayo sanafunse n'komwe.

Tsikulo anaima kutsogolo atavala suti, wokonzeka kumasulira mawu a mzungu wake. Amayi a bungwe atachotsa chitenje, pansi pa dzina panali mawu awiri okha: Ankatonthoza olira. Amayiwo anayamba nyimbo osadikira mlaliki.

Mwana wanga anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ananso. Anabwerera ku Ndola osadya, ndipo foni yanga sayankha mpaka lero. Loweruka lililonse ndimakapukuta fumbi pamwalapo, ndipo sindinaganizepo zosintha chilembo.