Dzina la Esinati m'kope langa

Ndikukumbukira chisanu cha chaka chimene ndinabatizidwa, ndili mu Sitandade 7 kumudzi kwathu kuseri kwa Dzoole. Mphepo yochokera kumapiri inkang'amba milomo, ndipo kusukulu tinkapita titapisa manja m'khwapa. Ndinali mwana wamanyazi. Aphunzitsi akandiloza, mawu ankathawira m'mimba. Koma ndinali ndi kope limodzi limene ndinkalembamo za tsiku lililonse: nkhuku yaswa anapiye angati, amayi andikalipira chifukwa chiyani, ndani wandiseka. Ndinkalibisa m'denga la khitchini, moti masamba ake ankanunkha utsi.

Ine ndi mnzanga Esinati tinali titayenda kalasi ya ubatizo zaka ziwiri. Iye ankaloweza katekisimu msanga kuposa ine, ngakhale kwawo kunalibe Baibulo. Bambo ake anali a gule, pamene bambo anga anali mkulu wa mpingo. Abusa ankakhala kutali. Ankabwera panjinga kawiri kapena katatu pachaka kudzafunsa ana a kalasi, kubatiza ndi kudyetsa Mgonero. Lamulo tonse tinkalidziwa: mwana wa kalasi akapezeka ku gule, ubatizo wamuphonya.

Kutatsala milungu itatu kuti abusa abwere, bambo a Esinati anamwalira. Akhristu anapita m'mawa kukapepesa, n'kubwerako ng'oma zisanayambe. Ine masana ndinatenga ndowa ngati ndikupita kudambo, koma ndinakhotera kumaliroko. Ndikanakonda kunena kuti chinandipititsa ndi chisoni chokha, koma ndinkafunanso kuona zilombo. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe. Esinati anandiona, anabwera n'kundigwira dzanja. Dzanja lake linali lozizira ngati mwala wa pamtsinje. "Wabwera," anatero. Kenako azakhali ake anamuitana, ndipo anakaima ndi amayi ena, akuomba m'manja misozi ikutsika.

Nditafika kunyumba ndinalemba zonse: fumbi lofiira, nthenga zakuda pamutu pa chilombo, Esinati akuomba m'manja. Koma ndinalemba mochenjera. Panalibe pamene ndinati "ndinaona" kapena "ndinali pomwepo". Ndinadzichotsamo bwinobwino, poopa kuti wina angadzalipeze. Zoti ndimuchotsemonso mnzangayo sizinandibwerere m'mutu. Masiku amenewo pepala linkaopsa. Dzina la munthu likalembedwa n'kufika kwa akuluakulu, kaya a chipani kaya a mpingo, silinkafufutika.

Bambo analipeza kopelo akukonza denga. Sanandikalipire. Anangolipinda n'kuliika m'thumba la jekete, ndipo ndinadzalionanso Loweruka, tsiku la mafunso, m'nyumba ya mapemphero. Ife ana tinakhala pamipando yadothi, akulu a mpingo anayi kutsogolo, abusa pakati pawo. Anali munthu wokalamba, woonda, magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo anali ataiwala kuchotsa zopanira thalauzi za panjinga.

"Abusa, tisanayambe pali nkhani," anatero bambo. "Mwana uyu Esinati anali kubwalo la gule. Umboni ndi uwu. Walemba ndi mwana wanga yemwe."

Abusa anawerenga nthawi yaitali. Kenako anafunsa Esinati kuti maliro anali a yani.

"A bambo anga."

"Akuluakulu," anatero abusa, "tsiku loika atate ake, mwana akanakhala kuti?"

"Kulira sitiletsa, abusa," anayankha mkulu wina. "Koma m'manja anaomba. Tikalekerera uyu, mawa kalasi yonse ili konko."

Abusa anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine. "Edina, mwana wanga, umalemba bwino ndithu. Mpaka mtundu wa nthenga. Unaziona uli pati?"

Ndinkamva mbuzi ikudzikanda pakhoma kunja. Ndinayang'ana nsapato za bambo, zimene ndinazipukuta ndekha m'mawa umenewo, ndipo ndinati, "Ndinangomva kwa anthu."

Abusa anadikira. Anadikira mpaka mkulu wina anatsokomola. Esinati anangowerama, akuyang'ana zala za kumapazi ake zotuwa ndi fumbi. Akanatha kunena mawu awiri okha, akuti "Anali pomwepo," koma sananene. Ndinadzamvetsa nditakula chimene abusa ankadikira. Iwo okha sakanatha kugwetsa chigamulo cha akulu a mpingo. Koma ndikanavomera, bambo akanayenera kusankha: kubweza mwana wawo yemwe pamaso pa mpingo wonse, kapena kutikhululukira tonse awiri. Abusa ankawadziwa bambo. Anandipatsa khomo, ine ndinalitseka. Akulu anagamula kuti Esinati ayendenso kalasi chaka china.

Lamulungu ndinabatizidwa nditavala deresi loyera limene amayi anasoketsa ku Mponela. Madzi anali ozizira, anatsikira m'khosi mpaka kumsana. Esinati anakhala kumbuyo, ndipo poimba ndinkamva mawu ake pamwamba pa onse. Mapemphero atatha, abusa sanapite kwathu kumene tambala anawaphera. Anakankha njinga yawo kuwoloka dambo mpaka kwa amayi a Esinati, nyumba imene mbusa anali asanapondepo, n'kukhala nawo pamphasa mpaka dzuwa kupendeka. Kwathu amayi anga anadandaula kuti ndiwo atenthetsa katatu, tambala wasanduka phala.

Atafika kwathu n'kudya, pochoka abusa anandipeza ndikutsuka mbale kuseri. Anandibwezera kope lija. "Usasiye kulemba," anatero motsitsa mawu. "Koma uzidzilembamo nawenso." Ndinalandira ndi manja awiri, osatha kuwayang'ana.

Esinati sanamalize chaka chija. Mvula isanagwe, amalume ake anamutenga kukathandiza kumunda wa fodya ku Chisepo, ndipo anakwatiwa komweko. Dzina lake silinaitanidwenso m'kalasi mwathu.

Lero zinthu zinasintha. Abusa amakhala pafupi, amabwera panjinga yamoto mwezi uliwonse. Ana amajambula gule pafoni, ena n'kumaonetsana kuseri kwa tchalitchi, ndipo nkhani ngati ya Esinati ambiri amaitha ndi uphungu chabe. Pepala nalonso silioopsanso ngati kale. Esinati ndimamupeza pamsika ku Mponela akugulitsa nyemba, imvi zili mbuu ngati zanga. Amandifunsa za ana, amandiseka kuti ndikadali wamanyazi, n'kundithirira basera wodzaza dzanja. Ulendo uliwonse ndimachoka kunyumba nditakonza mawu oti ndimuuze. Ndikafika amandigwira dzanja, ndipo ndimangofunsa ngati nyembazo zimapsa msanga.